Kukaona dambo losungira nyama: bwato, boti la injini, wapansi kapena nsanja, bola chiti?

Anthu ambiri akamapanga pulani yokaona madambo otchuka aja osungirako nyama ndi mbalame amayambira pa funso loti ndikagona kuti, kenako ndinyamule kamera yanji, pomwe chinthu chomwe chimagamula ulendo wonse ndi chakuti mukalowamo bwanji m'dambomo. Dambo si tchire loti mungokwera galimoto n'kumazungulira. Ndi madzi, bango, gumbwa ndi matope, ndipo gumbwa wake amatalika kuposa munthu, nde mutha kudutsa pafupi penipeni ndi nyama yomwe mwaiyendera mtunda wonsewo osaiona olo mchira. Njira zolowera zilipo zingapo, bwato lokankha ndi mtengo, boti la injini, kuyenda wapansi, kukhala pansanja, galimoto kapena njinga, ngakhalenso ndege, ndipo iliyonse imakuonetsani zake zake ngakhale malo ali amodzi omwewo.

Tisanafike pa njirazo, nkhani ya madzi kaye, chifukwa apa mpomwe maulendo ambiri amaonongekera. Timangoganiza kuti dambo limadzadza nthawi ya mvula basi. Ku Okavango m'dziko la Botswana zimatembenuka, mvula imagwa kumapiri a ku Angola chakumayambiriro kwa chaka, madziwo amayenda mwachifatse mtunda wopitirira makilomita 1,000 n'kudzafika pachimake cha m'ma Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomwe ku Botswana komweko kulibe olo kadontho ka mvula. Nde munthu wopita mu Januwale poganiza kuti akapeza madzi ali tho atha kupeza makampu ena ataimitsa kaye maulendo a bwato. Ku Pantanal, dambo lalikulu lija lomwe lili ku Brazil n'kulowererako ku Bolivia ndi Paraguay, madzi amasefukira ndi mvula yakomweko, ndipo nyama zimaoneka bwino madzi akaphwa cha m'ma Julayi mpaka Okutobala. Ku Everglades ku Florida m'dziko la America nyengo yabwino ndi Disembala mpaka Epulo, kukauma, mbalame ndi ng'ona zikaunjikana pa maiwe otsala, udzudzu utachepako. Choncho musanalipire kalikonse afunseni eni malowo kuti mwezi womwe mukubwerawo madzi amakhala ali pati, osati kungofunsa ngati kumagwa mvula.

Tiyambe ndi bwato lopanda injini, chifukwa ine mtima wanga uli pamenepa ndipo sindibisa. Ku Okavango amati mokoro, mumakhala pansi awiri, wokankha amaima kumbuyo ndi mtengo wautali n'kumaponda pansi pa madzi, ndipo masiku ano mabwato ambiri ndi a fibreglass pofuna kuleka kugwetsa mitengo ikuluikulu yomwe ankasemera akale aja. Ubwino wake woyamba ndi bata. Palibe phokoso, palibe fungo la petulo, palibe mafunde ogwedeza zisa za mbalame zomangidwa m'bango. Maso anu amakhala pafupi ndi madzi nde mumaona zinthu zomwe wa pa boti lothamanga sangazione, tiachule tating'ono tamawangamawanga tokakamira pa bango, atombolombo, mbalame ya jacana yoyenda pamwamba pa masamba a maluwa a m'madzi ndi zala zake zazitali zija, nsomba zikudutsa pansi panu poti madzi akumeneko amasefedwa ndi mchenga ndi gumbwa mpaka kukhala oyera mbee. Bwato limalowanso m'tinjira topapatiza tomwe mvuu zimatsegula m'bango, momwe boti lalikulu silingakwane.

Koma likhale bwino chotani, bwatoli lili ndi malire ake ndipo ndibwino muwadziwiretu. Limayenda pang'onopang'ono, nde tsiku lonse simupita patali. Ngati cholinga chanu ndi kuona njovu, mikango ndi njati zambirimbiri, mukabwerako mutakhumudwa, chifukwa wokankha wanzeru amazemba dala malo akuya omwe mvuu zimagona ndipo nyama zazikulu amazionera patali. Mulibe mthunzi, msana umawawa mukakhalitsa, ndipo simuyenera kudzambatuka kapena kutembenuka mwadzidzidzi kuti mujambule, bwato ndi lopapatiza. Ana aang'ono malo ambiri sawalola kukwera, funsirani msanga ngati mukupita ndi banja. Za mvuu zokhazo musazitenge mopepuka, mvuu m'madzi imateteza dera lake, makamaka yamphongo ndi yaikazi ya kamwana, ndipo madzi akachepa n'kupanikizana m'maiwe ochepa ukali umawonjezeka. Wokankha akati tibwerere apa, bwererani basi, osayamba kumuchonderera kuti tiyandikireko pang'ono chithunzi chituluke bwino.

Kwa ofuna mbalame yosowa ija amati shoebill, bwato laling'ono ndiye njira yeniyeni. Mbalameyi ndi yotuwa, imatalika kupitirira mita imodzi, mlomo wake waukulu ngati nsapato, ndipo imatha kuima malo amodzi nthawi yaitali osasuntha kudikira nsomba ya lungfish kuti itulukire pamwamba kudzapuma mpweya. Ili m'gulu la mbalame zomwe zili pachiopsezo, imakhala yokhayokha, imaikira mazira osapitirira atatu ndipo kawirikawiri mwana mmodzi yekha ndi amene amakula, nde mutha kuona kuti chisa chimodzi chikasokonezeka chaka chonse chapita. Ku Mabamba ku Uganda, m'mbali mwa nyanja ya Victoria pafupi ndi Entebbe, amakutengani pa boti lamatabwa, injini amaigwiritsa ntchito pa madzi otseguka kenako amathimitsa n'kumakankha ndi mtengo mukalowa m'gumbwa, ndipo m'mawa umodzi umatha kukwana. Ku Bangweulu ku Zambia ndi nkhani ina, ndi kutali, msewu ndi wovuta, pena mumatsika m'bwato n'kuyenda m'madzi ndi m'matope, koma mumapezako zomwe kwina kulibe, magulu aakulu a black lechwe, agwape a m'madzi omwe kwawo ndi m'dera limeneli, ndipo malowa kuyambira 2008 amayendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la African Parks, boma ndi anthu okhala komweko, asodzi ena amalondera okha zisa za shoebill kuti anthu ozembetsa mbalame asabe anapiye. Wa nthawi yochepa Mabamba, wofuna dambo lenileni lopanda chigulu cha alendo Bangweulu, miyezi ya mvula itangotha madzi akayamba kuphwa.

Boti la injini ena amalinyoza kuti ndi la anthu aulesi, ine sindigwirizana nazo. Pali malo omwe popanda injini simuona kanthu. Chitsanzo chachikulu ndi jaguar, chilombo chamawanga cha ku South America chofanana ndi nyalugwe koma chojintcha. Ku Porto Jofre ku Pantanal anthu amamuonera pa boti mumtsinje wa Cuiabá ndi timitsinje tothira momwemo, nthawi yachilimwe akamayenda m'mphepete kusaka ng'ona zazing'ono zotchedwa caiman komanso capybara, nyama yooneka ngati mbira yaikulu kwambiri, ndipo kuti mumupeze pamafunika kuyenda makilomita ambiri pa tsiku, zomwe ndi nkhafi sizingatheke. Paulendo womwewo mumakumana ndi akatumbu akuluakulu aja a giant otter akusodza pagulu. Ku St Lucia mu paki ya iSimangaliso ku South Africa nakonso mvuu ndi ng'ona mumazionera pa boti lalikulu lafulati lokhala ndi denga, mutha kuimirira, kuyendayenda, ndipo agogo, ana ndi aliyense woopa madzi amakhala mtima uli m'malo. Kwa ojambula boti lotere ndi labwinonso chifukwa kamera yolemera ili ndi poikhazika.

Vuto la injini ndi phokoso ndi unyinji. Jaguar akaoneka oyendetsa maboti amauzana pa wailesi, nde posakhalitsa mumapezeka maboti ambirimbiri athithikana pa nyama imodzi, wina kutsekereza mnzake, ndipo zimachotsa kukoma. Mafunde a boti lothamanga amagumula magombe ndi kumiza zisa zoyandama. Ku Everglades kuli maboti ena a chifani chachikulu kumbuyo otchedwa airboat, amatsetsereka pamwamba pa udzu ndi madzi osaya, achinyamata amasangalala nawo kwambiri, koma phokoso lake mpaka amakupatsani zotseka m'makutu, ndipo mbalame zimauluka musanafike. Ngati mukufuna chisangalalo cha liwiro kwerani, koma musamati mwaona dambo. Posankha boti funsani zinthu ziwiri, mukwera anthu angati, komanso woyendetsa amathimitsa injini akafika pa nyama kapena ayi. Ma laifi jaketi akhalemo okwanira aliyense ndipo muvale, osati kukhalira.

Kuyenda wapansi kuli pawiri ndipo musakusokoneze. Kwina kuli timilatho tamatabwa toyala pamwamba pa madzi, monga Anhinga Trail ku Everglades, kanjira kongopitirira pang'ono kilomita imodzi koma nthawi youma ija mumaona ng'ona, akamba a m'madzi ndi mbalame pafupi kwambiri moti simufunanso mabainokyula, olo munthu wa pa wilitcheya amadutsa bwinobwino. Mumayenda pa liwiro lanu, mumaima pomwe mwafuna, simulipira boti. Kwa munthu woyamba kumene kapena wa bajeti yochepa njira imeneyi ndi yovuta kuiposa. Choipa chake ndi chakuti muli m'mphepete chabe ndipo masana kumadzadza anthu, nde fikani geti likangotsegulidwa. Kuyenda kwinako ndi kwa pa zilumba za mkati mwa dambo ndi gaidi, komwe kawirikawiri kumaphatikizidwa ndi ulendo wa bwato. Uku ndi kophunzira mapazi a nyama, ndowe, mitengo, komwe mphepo ikuchokera, ndipo nyama zimakuthawirani patali kuposa mukakhala pa galimoto chifukwa munthu woimirira zimamuopa. Mumayenda pamzere, mwakachetechete, ndipo osayerekeza kudutsa pakati pa mvuu ndi madzi m'mamawa ikamabwerera kuchokera kokadya udzu usiku.

Tsopano nsanja ndi tizisakasa tobisalamo, njira yomwe anthu ambiri amaidumpha poti imaoneka ngati yotopetsa, kungokhala osachita kanthu. Koma taganizirani nyama ngati sitatunga. Gwape ameneyu ali ndi ziboda zazitali zotambasuka zomwe zimamuthandiza kuyenda pa zomera zoyandama osatitimira, ndi wamanyazi koopsa, ndipo akamva zachilendo amatha kumira m'madzi n'kungosiya mphuno pamwamba. Mukamusaka ndi boti mwina mungoona bango likugwedezeka basi. Mukakwera pansanja kusanache n'kukhala duu, amatuluka yekha kudzadya m'mbali mwa gumbwa kukamayera, ndipo mumamuona akuchita zake osadziwa kuti mulipo, zomwe njira zina zonsezi sizingakupatseni. Ku Kasanka ku Zambia ndi kotchuka ndi zimenezi, ndipo kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala pansanja za komweko mumaonanso mileme yodya zipatso mamiliyoni ikutuluka madzulo m'kankhalango kakang'ono ka m'dambo n'kudzabwerera m'bandakucha. Nsanja imafuna kupirira, kumazizira m'mawa, udzudzu umakupezani, ndipo tsiku lina mutha kudikira osaona chomwe mwadzera. Ndi mwana wosakhazikika kapena gulu la anzanu okonda macheza musavutike kukwerako, mungowaonongera ena. Koma kwa munthu wofunadi nyama yosowa, ine ndimaika nsanja limodzi ndi bwato pamwamba pa zonse.

Galimoto imagwira ntchito pomwe dambo lili ndi msewu wokwera kapena zigwa zomwe zimauma. Msewu wa Transpantaneira ku Pantanal, wochoka mtawuni ya Poconé kukafika ku Porto Jofre ndi wafumbi, pafupifupi makilomita 147, wodutsa pa milatho yoposa 100, ndipo m'maenje a m'mbali mwake momwe anakumba dothi lomangira msewuwo mumatsalira madzi, nde caiman, adokowe akuluakulu a jabiru ndi mbalame zina zimadzadza momwemo, mumangoima n'kumaonera pawindo. Ku Moremi, malo osungira nyama mkati mwa Okavango, galimoto ndi yomwe ingakuonetseni mikango, anyalugwe ndi njovu, koma ikhale ya 4x4 ndipo woyendetsa adziwe kuwoloka madzi, kutitimira m'matope kutali ndi netiweki si masewera. Njinga ndimaikonda kuposa galimoto pomwe kulibe zilombo zoopsa chifukwa ndi yachete. Ku Keoladeo ku Bharatpur m'dziko la India, kapaki ka masikweya kilomita 29 okha komwe kanalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1985, alendo amazungulira pa njinga, pa rikisho (njinga ya matayala atatu yonyamula anthu) kapena wapansi, ndipo oyendetsa rikisho ambiri mbalame amazidziwa bwino zedi. Mbalame zochokera kumpoto zimafikako nyengo yozizira yakumeneko, cha m'ma Novembala mpaka Febuluwale. Kungoti musapiteko ndi chiyembekezo choona mbalame ya Siberian crane yomwe inatchukitsa malowa, inasiya kubwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nde mukamawerenga zotsatsa malonda za malo alionse muzifunsa kuti nyama yomwe ili pachithunziyo inaonedwa komaliza liti.

Ndege yaing'ono kapena helikopita ndi ya maonekedwe basi. Kuchokera ku Maun, tawuni ya ku Botswana yomwe ili m'mphepete mwa Okavango, mumaona mmene Okavango amamwazikira mumchenga wa Kalahari osafika kunyanja, tinjira ta mvuu, zilumba, njovu zikuoneka ting'onoting'ono. N'zokongola, ndi zodula, zimatha msanga. Ndalama ikakhala yoti musankhepo chimodzi, usiku wina wowonjezera mkati mwa dambo ndi waphindu kuposa ola limodzi m'mwamba.

Zomwe zatifikitsa pa funso lina, kupita n'kubwerera tsiku lomwelo kapena kugona konko. Nyama ndi mbalame za m'dambo zimatakataka m'bandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka, masana zimabisala m'bango. Wochokera kutawuni m'mawa amafika dzuwa litakwera kale ndipo amanyamuka kusanazizire, kutanthauza kuti amaona dambo pa maola omwe lili chigonere. Olo kampu ikhale ya tenti wamba, kugona pafupi ndi madzi kumasintha zonse, mumamva achule ndi mvuu usiku, mumakhala pa bwato nkhungu isanachoke, ndipo kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja wa Pel's fishing owl mwayi womupeza umakula mukakhala ndi nthawi yofufuza m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa madzi. Kupita tsiku limodzi kumakwana pa malo ang'onoang'ono a timilatho tamatabwa kapena ngati Mabamba paja, bola mulawire.

Gaidi kapena nokha? Pa njira zamatabwa, pansanja zolembedwa pamapu ndi pamsewu waukulu mutha kuyenda nokha ndi kabuku ka mbalame kapena apu ya pafoni, muidawunilodiretu poti netiweki kumeneko imavuta. Pa madzi ayi ndithu. Tinjira ta m'gumbwa timafanana tonse, timasintha chaka ndi chaka, zilumba zina zoyandama zimasuntha ndi mphepo n'kutseka pomwe munalowera. Tengani munthu wobadwira komweko, ndipo pali chifukwa chinanso choposa chitetezo chanu. Madambo amenewa si opanda anthu, muli asodzi, oweta ziweto, odula bango, ndipo pangano la Ramsar lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971 silinena zothamangitsa anthu koma zogwiritsa ntchito madambo mwanzeru. Msodzi akaona kuti shoebill yamoyo ikumubweretsera alendo chaka chilichonse, amaisamala kuposa mlonda wina aliyense. Nde posankha kampani funsani ngati okankha mabwato ndi magaidi ali a m'midzi yozungulira, ndipo gaidi amene akufuna kuombera m'manja kapena kugenda kuti mbalame iuluke mujambule, mukanizeni pomwepo.

Za thanzi ndi katundu sizisintha kwambiri kaya mwasankha njira iti. Kumadambo a kumalo otentha kuli malungo, kaonaneni ndi adokotala musananyamuke za mankhwala oteteza, gonani m'neti, madzulo valani zamanja aatali. Madzi odikha okhala ndi nkhono amatha kukhala ndi likodzo, nde kusamba kapena kuviika miyendo m'mbali mwa bwato ayi, paja ng'ona nazo zili momwemo. Chipewa, mafuta oteteza ku dzuwa poti pa madzi limawotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, madzi akumwa okwanira, zovala za mtundu wosawala, thumba losalowa madzi la foni ndi kamera, batire yapadera. Ngati simungakwanitse zonse ziwiri, mabainokyula abwino akhale patsogolo pa lenzi yodula. Drone malo ambiri otetezedwa ndi yoletsedwa popanda chilolezo, isiyeni kunyumba.

Nde mutati mundifunse kuti ndipange bwanji ndi masiku ochepa, ndinganene kuti lembani kaye nyama imodzi kapena ziwiri zomwe mukuzifunitsitsa, chifukwa nyamayo ndi yomwe ikusankhireni njira ndi mwezi. Jaguar ndi boti la injini chilimwe, shoebill ndi bwato laling'ono m'mawa, sitatunga ndi nsanja kusanache, lechwe ndi zigwa zomwe madzi akuphwa, banja la ana ndi agogo boti lalikulu ndi timilatho tamatabwa. Ngati kampu yomwe mwaipeza ili ndi bwato, nsanja ndi galimoto pamodzi, m'mawa woyamba tengani bwato, madzulo galimoto, ndipo nsanja muisungire m'mawa wachiwiri mutadziwa kale kulira kwa mbalame zingapo ndi mbali yomwe dzuwa limatulukira, kuti musakakhale moyang'anizana nalo.